Maso a Agogo pa Chilumba cha Likoma

Pa Nyanja ya Malawi pali zilumba ziwiri zoyandikana, Likoma ndi Chizumulu. Zilumbazi zili pafupi kwambiri ndi gombe la Mozambique, koma ndi za dziko la Malawi. Munthu akaima pa Likoma amaona bwinobwino mapiri a kutsidya.

Mnyamata wina wa mu Sitandade 5, wobadwira mu mzinda wa Lilongwe, anali asanapondepo pa Likoma, ngakhale kuti kumeneko ndiko kunali kwawo kwa agogo ake aamuna. Agogowo anachoka pachilumbapo ali achinyamata kukafuna ntchito, ndipo anakalambira kumtunda. Tsono maso awo anayamba kuchita khungu. Poyamba analephera kuwerenga, kenaka kuzindikira nkhope za anthu, mpaka anangotsala ndi kusiyanitsa usana ndi usiku. Tsiku lina anaitana ana awo nati, "Ndifuna ndikafike ku Chipyela miyendo isanandikane." Akuluakulu onse anali otanganidwa ndi ntchito, choncho anasankha mdzukulu uja kuti apite nawo pa tchuthi. Azakhali ake anawaperekeza mpaka ku Nkhata Bay, ndipo abale ena anali kukawachingamira pachilumbapo.

Kunena zoona, mnyamatayo sanakondwe nawo ulendowo. Anzake anali kutsala akusewera mpira, pamene iye anali kukagwira dzanja la nkhalamba. Chinanso, agogo anamsenzetsa kathumba kansanza, momwe munali chikho chachitali, chakuda ndi utsi, choboola kuwiri. Iye anachita nacho manyazi, nachibisa pansi pa zovala.

Anakwera sitima ya Ilala madzulo. Sitimayi inayamba kuyenda pa nyanjayi m'chaka cha 1951, ndipo agogo anati ndi yomweyo imene inawachotsa kwawo. Usiku wonse iwo sanagone. M'mawa kutacha anthu anayamba kuloza milambe ikuluikulu imene yamera pakati pa miyala ya chilumbacho, ndipo agogo anafunsa kawiri konse ngati milambeyo inali kuonekadi.

Tsiku lotsatira awiriwo analawira kupita ku Chipyela. Atakhota pa mitengo ya mango, mnyamata uja anaima chilili. Patsogolo pake panali tchalitchi cha Petro Woyera, chachikulu kotero kuti nyumba zonse zoyandikana nacho zinaoneka ngati nkhokwe.

"Bwanji waima?" anafunsa agogo.

"Agogo, n'chokongola!"

"Mawu amenewo sakundionetsa kanthu, mdzukulu wanga. Lero maso anga ndiwe. Undiuze chimodzichimodzi."

Apa mnyamatayo anazindikira kuti kuona ndi ntchito. Anayang'anitsitsa nayamba kufotokoza. Anati kumaso kwa nyumbayo kuli nsanja ziwiri. Anati makoma ndi a miyala ndi njerwa, ndipo denga ndi la malata. Anati pamwamba pa makomo ndi mazenera njerwa zinakhota ngati uta, koma sizikugwa. Agogo anamuuza kuti njerwa za pa utapo zimakankhana, ina kutsamira inzake, mwakuti katundu wa pamwamba amatsikira m'mbali. Ukachotsapo ya pakati, zonse zimagumuka. Kenaka anamtuma kuti ayende m'mbali mwa khoma kuyambira kumaso mpaka kumbuyo akuwerenga mapazi. Mnyamatayo anabwera ali wefuwefu, nanena kuti anapitirira 150. Sanalakwe, pakuti kutalika kwa tchalitchichi ndi pafupifupi mamita 100. Munthu atachiona kuchokera kumwamba angaone kuti chinamangidwa ngati mtanda.

Mbiri ya nyumbayi ndi yotere. Amishoni a mpingo wa Anglican anakhazikika pa Likoma m'chaka cha 1885. Mmodzi wa atsogoleri awo anali Chauncy Maples, amene anadzozedwa kukhala bishopu mu 1895, koma anamira m'nyanja chaka chomwecho, asanafike pachilumbapo. Malo amene anasankhidwa kuti pamangidwe tchalitchi anali oopedwa. Kalekale anthu oganiziridwa kuti ndi mfiti anali kutenthedwa pamenepo, ndipo dzina lakuti Chipyela limakumbutsa za kupsa kumeneko. Mwala wa maziko anauika ndi Bishopu Gerard Trower pa 27 Januwale 1903. Mmisiri amene analemba mapulani ndi kuyang'anira ntchito anali Frank George. Nyumbayo inapatulidwa mu 1911.

Mayina amenewa ndiwo analembedwa m'mabuku. Koma munthu mmodzi sangamange khoma la mamita 100. Amene anaswa miyala pachilumbapo ndi kuisenza, amene anatunga madzi ku nyanja, amene anapalasa ngalawa zodzala ndi matabwa ndi zipangizo zina kuchokera kumtunda, anali amuna ndi akazi a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Ambiri a iwo anali asanaonepo nyumba yosanja, komabe anaphunzira kusema mwala ndi kuyala njerwa pa ntchito pomwepo. Panalibe galimoto kapena makina onyamulira katundu. Chilichonse chinakwera pamutu kapena paphewa.

Agogo anapempha kuti awafikitse pakhoma. Anayamba kulisisita ndi manja onse awiri, pang'onopang'ono, ngati munthu wofunafuna chinthu chotayika.

"Agogo anga anasenza nawo miyala iyi ali mnyamata," anatero. "Anali ndi chipsera paphewa mpaka imfa yawo."

"Mwala wake ndi uti, agogo?"

"Sanandiuze. N'chifukwa chake ndimaigwira yonse."

Mnyamatayo sanayankhe. Patapita kanthawi nayenso anaika dzanja lake pakhomapo. Mwalawo unali wozizira ngakhale dzuwa linali litakwera.

M'kati munali kamdima ndi kamphepo kayaziyazi. Mnyamata uja anapitiriza ntchito yake, tsopano mosadikira kufunsidwa. Anafotokoza za mizati yondandalika mbali zonse ziwiri, za mazenera a magalasi amitundumitundu amene anali kugwetsa kuwala kofiira ndi kobiriwira pansi, ndi za mipando ya oimba yosemedwa pa mwala wofewa. Agogo anamuuza kuti afunefune mtanda wina wamtengo. Mtengo wake unachokera kwa Chitambo, m'dziko la Zambia, kumene David Livingstone anafera mu 1873. Dera limenelo linali kutchedwa Ilala, ndipo n'kumene kunachokera dzina la sitima imene anakwera ija.

Ali chilankhulire, oimba a kwaya analowa kudzakonzekera nyimbo za Lamulungu. Sanali ambiri. Mtsogoleri wao anapereka liwu, ndipo amayi anayamba ndi mawu a nthetemya, abambo n'kulowa pansi ndi besi.

"Tsopano tseka maso," ananong'ona agogo. "Apa ndikuonetse ine."

Mnyamatayo anatseka maso. Anadabwa kumva ngati oimbawo achuluka. Mawu anali kubwera kuchokera kutsogolo, kumbuyo ndi kumwamba. Oimbawo atadukiza, nyimbo sinathe nthawi yomweyo. Inatsalira m'mwamba kwa kamphindi, kenaka n'kuzilala. Agogo anafotokoza kuti udzu ndi dothi zimameza mawu, koma mwala wolimba umawabweza, ndipo nyumba ikakhala yaitali ndi yotalika m'mwamba mawuwo amayenda mtunda asanafe. N'chifukwa chake woimba wa m'nyumba yotere sathamanga. Amadikira kuti liwu loyamba lipite asanaponye lachiwiri. Iwo anaphunzira zimenezi ali ana, ataima pamalo omwewo, akuimba m'Chinyanja cha kunyanja, chimene William Percival Johnson ndi anzake anamasuliramo Baibulo. Nyimbo itayambanso, milomo ya agogo inali kuyenda, koma mawu sanali kutuluka.

Madzulo a tsiku lomwelo kunamveka ng'oma kumudzi. Agogo anati, "Tenga kathumba kaja." Mnyamatayo anakatenga monyinyirika.

Pabwalo, pansi pa mlambe, anyamata ndi abambo anali kuyeserera malipenga. Guleyu anayamba itatha nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918. Anthu amene anapita kunkhondoko anaona asilikali akuguba motsogozedwa ndi ng'oma ndi malipenga achitsulo. Pobwerera kwawo analibe ndalama zogulira zoimbira zotere, choncho anatenga zikho za m'munda nazisandutsa malipenga. Gulu lililonse limatchedwa boma, ndipo limakhala ndi maudindo otengera a asilikali. Pa tsiku la chionetsero ovina amavala zoyera, makabudula ndi masokosi aatali, nafola m'mizere. Amaponda mwaulemu ndi monyadira, osati mwaphuma. Ena amati guleyu ndi wotsanzira chabe. Amenewo sanayang'anitsitse, pakuti palibe msilikali amene anagubapo mokoma chotero.

Agogo atafika, nkhalamba ina inawayang'ana nthawi yaitali, kenaka inafuula dzina lawo la paubwana. Anagwirana chanza osafuna kutayana. Awiriwa anali m'boma limodzi zaka zoposa 50 zapitazo. Pamenepo agogo anatulutsa chikho chija, ndipo mnyamata anaona kuti palibe amene anaseka. Anthu anachilandira ndi manja awiri, napatsirana. Linali lipenga limene agogo anasema okha asanachoke pachilumbapo.

Nkhalamba ija inaliyang'ana nipukusa mutu. Pa kabowo kena panayenera kukhala kachikopa kopyapyala, koma kanali katang'ambika kalekale. Akale anali kumatapo kachikopa koyera kamene kangaude amakutira mazira ake. Masiku ano ambiri amamatapo kapulasitiki kopyapyala. Mwana wina anathamanga kukatenga, ndipo posachedwa lipengalo linakonzeka.

Agogo analiika pakamwa. Linalira kamodzi, mawu okhuthala ngati a njuchi zambiri, kenaka chifuwa chinawagwira. Anayesanso, koma mpweya unawathera. Pabwalo panangoti zii. Iwo anakhala pansi, napukuta lipengalo ndi malaya awo, nalitambasulira kumene anaganiza kuti kuli mdzukulu wawo.

Mnyamatayo anauzira ndi mphamvu zake zonse mpaka masaya anatupa. Munangotuluka mphepo. Ana anzake anagwa nacho chiseko, ndipo iye anafuna kulibweza.

"Si wezulo ameneyo," anatero agogo. "Usauzire ayi. Imbiramo. Ng'ung'udza nyimbo ili yonse imene uli nayo pamtima, kachikopako kanjenjemera kokha."

Nyimbo imene inamfikira inali yomwe anaimva m'tchalitchi m'mawa uja. Anaing'ung'udza mwamantha, ndipo chikho chinanjenjemera m'manja mwake n'kulira. Chiseko chija chinasanduka nthungululu za amayi amene anali kuonerera. Mkulu wa boma anamgwira pamkono namuimika kumapeto kwa mzere, pambali pa anyamata amsinkhu wake. Ng'oma yaikulu inagunda, zing'onozing'ono zinayankha, ndipo mizere inayamba kuyenda.

Agogo anakhala pa muzu wa mlambe, mutu uli chopendekera, ndodo yawo ikugunda pansi pamodzi ndi ng'oma. Anamvetsera kwa nthawi ndithu. Kenaka anakweza mawu, kotero kuti bwalo lonse linamva.

"Iwe wa kumapetowe! Lipenga lili bwino, koma phazi lako likuchedwa. Yamba ndi lamanzere!"