Msonkho wa pa Lamya

Kuyambira caka ca 2024 munthu akatumiza ndalama pa lamya, boma limadulapo kamsonkho. Mwana wa ku Lusaka akatumizira amai ake ku Vubwi ndalama ya feteleza, Kaisara amatapako ngwee zake ndalamayo isanafike. Ine sindidandaula nazo. Ngweezo n'zocepa poyerekeza ndi mtengo wa basi ndi fumbi la mseu wa ku Chipata, ndipo Mpingo sunatiphunzitsepo kuzemba msonkho.

Cimene cimandivutitsa mtima n'cakuti makina amenewa amapenya mbali imodzi. Amaŵerenga kwaca iliyonse yocoka m'thumba la mlimi, koma pamene dziko lathu linalephera kulipira ngongole mu Novembala 2020, zinamveka kuti ngongole zina zinali ndi pangano lakuti zisaululidwe. Ozibweza ndife, ndi adzukulu athu.

Bilu yopatsa nzika ufulu wofunsa boma inafika ku Nyumba ya Malamulo mu 2002, n'kubwezedwa. Inakhala lamulo mu Disembala 2023, ana obadwa caka cija ataberekanso ao.

Pa nthambi yathu msungicuma amaŵerenga mtulo ndi copereka poyera, ndipo akaphonya ngwee imodzi, agogo a kumbuyo amatsokomola. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kufika K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Tsono makomiti athu alembe kalata ku khonsolo ya Vubwi, afunse mtengo wa mjigo uliwonse ndi dzina la amene anaukumba.