Sitesheni ya Luchenza idali yathunso ife a kwa Nazombe

Kwa Nazombe kulibe njanji ndipo siidayalidwepo. Mwana wobadwira ku Chiringa atha kukula, kukwatira, n'kulima nandolo zaka zambirimbiri asanamvepo kulira kwa sitima yapamtunda. Komabe mukakhala pansi ndi achikulire a kuno n'kuwafunsa za ulendo wawo woyamba wakutali, dzina limene limatuluka kawirikawiri ndi Luchenza. N'chifukwa chake ine wa ku Phalombe ndikulemba za sitesheni ya m'boma la Thyolo, imene kuti ndikafikeko ndiyenera kuzungulira phiri lonse la Mulanje.

Njanji yodutsa pa Luchenza ndi yoyamba m'dziko muno. Kampani ya Shire Highlands Railway idaiyala kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati ku Nsanje, ndipo idafika ku Blantyre mu 1908. Chidawakakamiza atsamunda ndi mtsinje wa Shire. Madzi ankachepa chaka ndi chaka moti sitima zapamadzi zinkatitimira mumchenga, katundu n'kumadalira mitu ya amtengatenga. Pokwera kumtunda njanjiyo idatsata zigwa za Ruo ndi Thuchila, ndipo pa Luchenza ndi pamene idayandikira minda ya tiyi ya ku Mulanje. Tauni ya Luchenza idakulira pamenepo.

Poyamba sitimayi sinkafika kunyanja yamchere. Mu 1915 njanji idatsikira ku Chindio, m'mphepete mwa Zambezi, ndipo mu 1922 ina yochokera ku Beira idafika tsidya linalo. Anthu ndi katundu ankawoloka pamadzi mpaka 1935 pamene adatsegula mlatho wa Dona Ana, wotalika kupitirira makilomita atatu. Chaka chomwecho njanji ya kumpoto idafika ku Salima. Ngongole za ntchito zimenezi zidagwera boma la Nyasaland, ndiye kuti pa msonkho wa anthu omwe ambiri a iwo sadakwerepo sitima.

Tisanamizane, sitesheniyo sadamangire ife. Adamangira tiyi, fodya ndi eni maesiteti. Makolo athu Achilomwe, amene ankalowa kuno kuchokera ku Mozambique m'zaka zomwezo, ankaonedwa ngati manja ogwira thangata basi. Koma anthu akudawo ndiwo adadzaza mabogi.

Agogo anga aamuna ankasimba kuti ankanyamuka tambala woyamba, kudutsa pampata wa Fort Lister pakati pa Michesi ndi Mulanje, kutsikira ku Phalombe, n'kukagona cha ku Chitakale. Mawa lake ankadutsa pa Chonde n'kufika pa Luchenza miyendo itatupa. Akagula tikiti ankakhala m'bogi ya mabenchi athabwa, poti ya mipando yofewa idali ya azungu. Ulendo wake udali wa ku Makhanga, Chiromo, Port Herald, kuwoloka Zambezi, kukasintha sitima pa Dondo pafupi ndi Beira, kenako Umtali mpaka Salisbury. Pamene ankatchula maina amenewa sankalumpha ngakhale limodzi, ndipo mwana akawadula mawu ankayambiranso pa Luchenza. Pobwera, patapita zaka, adatsikira pomwepo ndi sutikesi yachitsulo ndi njinga. Njingayo idakwera katundu, mwini wake n'kuikankha mpaka kumudzi.

Agogo aakazi nkhaniyi ankaisimba mwina. Kwa iwo Luchenza adali malo amene amuna ankasowera. Ena a m'mudzi mwathu adakwera sitima pamenepo osabwereranso, n'kusanduka matchona ku Rhodesia, ndipo akazi awo adalera ana okha ndi khasu. Ndikamva anthu akutamanda masiku a sitima ngati kuti zonse zidali zokoma, ndimakumbukira mbali imeneyi.

Ntchito ya sitesheni sidali yokweza anthu okha. Padali pogulira matikiti, sikelo yoyezera katundu, shedi yosungiramo mabokosi a tiyi ndi matumba, ndiponso thanki yomwetsera madzi injini za malasha. Munthu ankatha kutumiza phukusi kwa mbale wake ku Limbe iye osakwera. Sitima ikaima, amayi ankathamangira m'mawindo ndi nthochi, nzimbe, chinangwa ndi mazira owiritsa, malonda n'kutha m'mphindi zochepa. Ine ndidaonako mbali yomalizira ya moyo umenewu ndili wachichepere, pamene sitima yochokera kumunsi inkafika itadzaza mikoko ya nthochi za ku Thekerani mpaka posowa popondera. Nthochizo pambuyo pake zidatheratu ndi matenda a chisaka.

Kugwa kwake sikudabwere tsiku limodzi. Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira ya ku Beira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mlatho wa Dona Ana udaphwasulidwa mu 1986. Mu 1997 madzi adakokolola njanji pa Chiromo, sitima n'kumathera pa Makhanga. Mu 1999 boma lidapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Kenako madzi osefukira a mu Januwale 2015 adawononganso njanji m'chigwa cha Ruo. Njanji imene idali khomo la dziko lonse idasanduka kanjira kothera m'malere, ndipo katundu wa pa Luchenza adasamukira m'malole.

Lero mukamva za njanji pawailesi, nkhani imakhala ya malasha ndi mafuta. Sitima zazitali za malasha a ku Moatize zimadutsa pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi kupita ku Nacala, pa njanji imene idalumikizidwa mu 1970. Kumunsi akukonza chigawo cha Marka mpaka Bangula kuti katundu azichokeranso ku Beira. Zonsezi n'zabwino. Chimene sindimva kawirikawiri ndi dzina la sitesheni yaing'ono ndi munthu wonyamula thumba limodzi.

Wina anganene kuti inu a kwa Nazombe mukudandaula chiyani, msewu wa tala wochokera ku Chiradzulu udakufikani pa Chiringa. N'zoona, ndipo palibe wa kuno amene angazungulire ku Luchenza kuti akakwere sitima ya ku Limbe pamene minibasi ili pakhomo. Koma msewu umayenda ndi dizilo, ndipo dizilo akasowa kapena kukwera mtengo timadziwira pa sikelo ya venda. Nandolo wathu amapita ku Limbe pa lole, ambiri n'kukathera ku India, ndipo mtengo wa ulendo wonsewo amaudula kwa mlimi. Thumba la feteleza nalo limafika kuno litasenza mtengo wa msewu. Luchenza itakhalanso malo okwezera ndi kutsitsira katundu wa Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, sitima n'kumatsika molunjika ku Beira, phindu lake lingafike ngakhale kwa ife amene sitiona njanji. Nanga anzathu a ku Khonjeni, Sandama ndi Thekerani, amene misewu yawo imavuta mvula ikagwa? Kwa iwo sitima ndiyo basi, ndiyo ambulansi, ndiyo msika.

Ku Wales, ku Britain, kuli njanji yotchedwa Heart of Wales yodutsa m'matauni ang'onoang'ono pakati pa Swansea ndi Shrewsbury. Lipoti la Beeching la 1963 litachititsa kuti njanji zambiri zakumidzi zitsekedwe, iyi idapulumuka. Pa masitesheni ake ena sitima imaima pokhapokha wokwera akaibayibitsa, monga timachitira ndi minibasi, ndipo anthu a m'matauniwo amadzipereka kusesa, kudzala maluwa ndi kusunga mbiri ya malowo. Si anthu ochuluka amene amakwera, koma ndandanda ya nthawi imakhalapo ndipo sitima imabwera.

Pempho langa kwa khonsolo ya Luchenza ndi kwa aphungu a maboma atatuwa si lalikulu. Pokambirana za njanji ya ku Beira, funsani kuti sitima ya anthu idzaima pati, kangati pa sabata, ndiponso ngati mlimi kapena kalabu ya alimi idzatha kubwereka malo m'bogi ya katundu. Mayankho ake alengezedwe pa wailesi za m'madera, kuphatikizapo Mzati, kuti ife akutali tizimva.

Lina ndi la aphunzitsi anzanga. Okalamba amene adakwera sitima pa Luchenza kupita ku Salisbury atsala ochepa, ndipo amayi amene adawadikira atsala ochepanso. M'mudzi mwathu ndawerenga atatu. Sabata yamawa ana a Sitandade 7 ndawauza kuti aliyense abwere ndi kope, tikawachezere mmodzi wa iwo dzuwa likapendeka.