Uyambe wadziwa chimene ukudwala

Mwana wanga,

Za ulemu kwa akuluakulu a pasukulu yako yatsopano, za kasungidwe ka malipiro ndi za mapemphero tinakambirana kale pamodzi ndi bambo ako. Pano ndikulemba za thupi lako, chifukwa ku Mangochi kumene ukupitako kulibe amene adzakugwire pachipumi usiku n'kunena kuti mawa tilawirire kuchipatala. Alangizi okha adzachuluka: aphunzitsi anzako, mayi a nyumba yoyandikana nayo, mnyamata wa pagolosale, mauthenga a pa WhatsApp. Onsewo adzakhala akukufunira zabwino, koma palibe mmodzi amene angaone za m'magazi mwako ndi maso. Pempho langa ndi lakuti uziyamba wadziwa chimene ukudwala usanaponye piritsi m'kamwa.

Ndiyambe ndi malungo. Iwe wakulira kuno ku Dedza kozizira, kumene udzudzu ndi wochepa poyerekeza ndi kunyanja, choncho thupi lako silinazolowere kulimbana nawo ngati matupi a anthu obadwira kumeneko. Akakugwira akhoza kukugwetsa msanga. Udzamva ena akuti malungo amabwera chifukwa chonyowa ndi mvula kapena kudya mango osapsa. Zimangokumana kuti nyengo imeneyo ndi yomwenso udzudzu umaswana m'zithaphwi. Wobweretsa malungo ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, umene umaluma makamaka usiku. Neti imene ndakupatsa uzigonamo usiku uliwonse, ngakhale mu Okutobala kukamatentha kosagoneka, ndipo m'mphepete mwake uzipanikiza pansi pa matiresi. Ikabooka, isoke tsiku lomwelo.

Thupi likatentha, mutu uku ukuwawa, m'mfundo mukuphwanya, ukayezetse dzuwa lisanalowe. Amakubaya pachala, n'kudontheza magazi pa kachipangizo koyezera, pakatha mphindi 15 kapena 20 zotsatira zatuluka. Akawapeza malungo adzakupatsa mankhwala otchedwa LA. Munthu wamkulu ngati iwe amamwa mapiritsi 4 kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, onse pamodzi 24. Uzimwa utadya chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono, kaya ndiwo zotendera kaya mkaka, chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akapeza mafuta. Tsiku lachiwiri udzayamba kupepukidwa, ndipo apa ndi pamene ambiri amasiya n'kusunga otsalawo kuti adzamwe ulendo wina. Kumeneko kuli ngati kupalira munda theka n'kupachika khasu: udzu wotsalawo umabwereranso ndi mphamvu. Agogo ako ankachira ndi chloroquine, koma tizilombo tinamuzolowera mpaka mu 1993 boma linamusiya n'kutenga Fansidar. Nayenso Fansidar anafooka, ndiye mu 2007 tinayamba LA. Mankhwala abwino amatha mphamvu, ndipo kumwa mosamaliza kumathandizira zimenezo.

Akakuuza kuti malungo sanawapeze, usatuluke mokwiya n'kukagula LA kwina. Kutentha thupi kumabweranso ndi chibayo, taifodi, zilonda zapakhosi kapena matenda a m'njira ya mkodzo, ndipo ukamamwa LA pa zimenezi, matenda enieniwo amakhala akukula. Funsa adokotala kuti nanga ndi chiyani, ndiponso kuti ubwerenso liti ukapanda kupeza bwino. Safunsa anadya phula. Koma ukamasanza chilichonse, khosi likauma, ukamapuma movutikira, ukayamba kubwebweta kapena mkodzo ukada kwambiri, usadikire kuti kuche. Gogodera anzako, apeze njinga yamoto, ndipo ine undiimbire uli kale panjira.

Panado timamuona ngati si kanthu chifukwa amapezeka paliponse. Muyeso wake ndi mapiritsi awiri a 500 mg, udikire maola 4 mpaka 6 usanamwe ena, ndipo asapitirire 8 pa maola 24. Kupitirira apo amawononga chiwindi mwakachetechete, munthu osamva kanthu tsiku loyamba. Uziwerenga paketi ya mankhwala a chimfine, chifukwa ambiri ali ndi paracetamol yemweyo, ndiye ukhoza kumwa kawiri osadziwa. Brufen amathandiza kwambiri kupweteka kwa m'mimba ukakhala kumwezi, koma uzimwa utadya, ndipo uzimupewa ukakhala woyembekezera kapena ukamamva kutentha pamtima ndi m'chifu.

Chimene chimandiwawa mtima ndi makapisozi. Munthu akangoyetsemula amathamangira amoxicillin, n'kumwa awiri atatu, basi. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndipo amoxicillin amapha mabakiteriya okha, choncho pa chimfine alibe ntchito. Chimatha chokha pakapita sabata kapena masiku khumi. Upume, umwe madzi ambiri, ndipo ndimu ndi jinja m'madzi otentha zimafewetsa pakhosi ngakhale sizipha kachilombo. Makapisozi omwedwa mwachisawawa amaphunzitsa mabakiteriya kupirira, ndiye tsiku limene udzadwale chibayo chenicheni adzakhala osagwira. Usakakamizenso jakisoni kapena diripi poganiza kuti ndizo zamphamvu; ngati ukutha kumeza, piritsi limafika kumene jakisoniyo akanafika. Chifuwa chokha chikapitirira masabata awiri, makamaka ukamatuluka thukuta usiku ndi kuwonda, kapereke makhololo akayeze TB. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, amamwedwa miyezi 6, ndipo anthu amachira.

Tsopano za madzi. Ukukumbukira kolera imene inayamba mu Malichi 2022 ku Machinga, pafupi ndi kumene ukupitako, n'kufalikira dziko lonse. Inapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira. Madzi akumwa uziwaphitsa mpaka abwate kapena uzithira WaterGuard, uziwasunga mu ndowa yovindikira, ndipo kapu yotungira isakhale yomwera. M'manja uzisamba ndi sopo, madzi ake ochita kuthirirana, osati nonse kuviika m'beseni limodzi. Ukatsegula m'mimba, chimene chimapha ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Usaleke kumwa poganiza kuti m'mimba muuma. Sungunula paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino, uzimwa pang'onopang'ono mosalekeza. Thanzi akasowa, mu lita yomweyo thira masupuni a tiyi 6 a shuga, osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Ukalawa asawawe mchere kuposa misozi. Chimbudzi chikakhala chamadzi oyera ngati otsukira mpunga, kapena chikakhala ndi magazi, uzimwa uku ukupita kuchipatala.

Nyanja idzakukopa, ndikudziwa. M'madzi osaya a m'mbali, makamaka mokhala bango ndi udzu, mumakhala nkhono zosunga tizilombo ta likodzo, ndipo timalowa kudzera pakhungu, ngakhale usanamwe dontho. Ana a m'kalasi mwako ena adzakuuza kuti kukodza magazi ndi chizindikiro cha kukula kwa mnyamata. Uwauze kuti ndi matenda, ndipo praziquantel amachiza. Kwa ife akazi likodzo limafikanso ku ziwalo zoberekera. Ukamasamba kapena kuchapa kunyanja, ukawauze a kuchipatala ngakhale usakuona magazi.

Zina ndingodutsamo mwachangu. Ukapsa ndi madzi otentha kapena mafuta, thira madzi ozizira kwa mphindi 20. Mankhwala otsukira mano, dzira ndi mafuta ophikira zisafike pabalapo. Galu akakuluma, ngakhale kukukanda chabe, tsuka ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenako ukalandire katemera tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Mbaula isagone m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, ndipo anthu amafera kutulo. Ogulitsa mabotolo a zitsamba m'basi adzakuuza kuti botolo limodzi limachiza shuga, BP, kusabereka ndi khansa. Ndalama yako isapite kumeneko, ndipo ukamwa chitsamba chilichonse usawabisire adokotala.

Zotsatirazi mwamwambo wathu akanakuuza azakhali ako, koma ndi nkhani ya maola, choncho ndiilemba ndekha. Ndikanakonda udzisunge, ndipo ukudziwa. Koma tsiku limene udzakhale ndi mwamuna, mukayezetse HIV limodzi, zotsatira uzione ndi maso ako, chifukwa kunenepa ndi kuwala kwa khungu sizinena kanthu. Kondomu ndi imene imateteza ku mimba ndi matenda nthawi imodzi. Mapiritsi ndi jakisoni wa kulera amateteza ku mimba kokha. Kondomu ikaphulika, kapena wina akakugwirira, kuli mankhwala otchedwa PEP amene amatchinga HIV, koma uyenera kuyamba pasanathe maola 72, n'kumwa masiku 28 osadumphitsa. Kulinso piritsi loletsa mimba mwadzidzidzi, limene limagwira bwino ukamwa msanga m'maola 72 omwewo. Kusamba, kudumphadumpha kapena kumwa zowawa sikuletsa mimba. Wina akakuchita chipongwe, mlandu ndi wake. Upite kuchipatala usanasambe kapena kuchapa zovala, ndipo ine sindidzakufunsa kuti unkafunako chiyani kumeneko. Ukakwana zaka 25 ukayezetse khomo la chiberekero. Khansa imeneyi imatenga amayi ambiri m'dziko muno, pamene ikapezeka isanakule imathetsedwa mosavuta.

Ukadzaona kuti masabata akupita tulo osabwera, chakudya osakoma, kulira kopanda chifukwa, kapena maganizo akuti kuli bwino kufa, amenewonso ndi matenda ndipo ali ndi chithandizo. Uuze munthu, usadzitsekere m'nyumba.

Chomaliza ndi chokhudza iwe wekha. Uli wamng'ono unapatsidwa Bactrim, ndipo tsiku lachitatu thupi lonse linatuluka zidzolo, milomo n'kusupuka, moti ndinkakumwetsa phala ndi kasupuni ka tiyi. Thupi lako siligwirizana ndi mankhwala a sulfa. Fansidar ali m'gulu lomwelo, ndipo ndi amene amayi oyembekezera amapatsidwa kusikelo kuti apewe malungo. Zimenezi zinalembedwa pa tsamba loyamba la buku lako la kuchipatala, koma pamzere wautali si onse amene amatsegula tsamba limenelo. Uzinena ndi pakamwa pako nthawi iliyonse asanakulembere mankhwala, ndipo uuzenso mnzako mmodzi amene ungamudalire kuti adzakunenere ukadzakhala wosatha kuyankhula.

Bambo ako ndi ang'ono ako akupereka moni.

Ndine,
Amako