Wambali ndi oyimba achinyamata a ku Chama

Amene amati jazi ndi nyimbo za m'mahotela a ku Lusaka, zosakhudza munthu wa ku Chama, ayambe amvetsera Wambali Mkandawire. Kwawo kunali ku Mlowe m'boma la Rumphi, kutsidya kwa malire, ndipo nyimbo zake zambiri ankayimba m'Chitumbuka, chiyankhulo chimene Asenga ndi Atumbuka a ku Chama amamva popanda womasulira. Chimbale chake cha Zani Muwone, chomwe chinatuluka mu 2002, chinamutchukitsa mpaka ku South Africa, iye osasiya chiyankhulo cha makolo ake. Anamwalira pa 31 January 2021.

Ena anganene kuti Wambali anali ndi mwayi wa situdiyo zapamwamba, pamene mnyamata wa kwa Kambombo kapena kwa Tembwe ngakhale piyano sanayikhudzepo. N'zoona, ndipo kusowa kwa zida n'kopweteka. Koma situdiyo imajambula zimene woyimba wabwera nazo. Chimene chinamusiyanitsa Wambali ndi anzake ndi kamvekedwe ka kwawo, ka ng'oma ndi kuyimba kolandizana, ndipo zimenezi ku Chama zilipo, m'vimbuza ndi m'makwaya. Woyimba jazi Abdullah Ibrahim naye anatenga nyimbo za m'tchalitchi ndi za m'makwalala a ku Cape Town n'kuziika pa piyano, mpamene nyimbo yake ya Mannenberg inabadwa mu 1974.

Pa za kusowa kwa zida, mipingo imene ili ndi kiyibodi iziwalola achinyamata kuphunzirirapo mkati mwa sabata, osati kuitsekera mpaka Lamulungu.