Munthu wanuyo kwawo n'kuti?



Ku kalabu yathu ya zojambulajambula, mwana aliyense amapeka munthu wake n'kumuveka ndi pensulo. Chondidandaulitsa n'chakuti ambiri amamuveka zam'mafilimu: chijekete chachikopa, magalasi akuda. Ndikafunsa kuti kwawo n'kuti, kalasi yonse zii.

Ndiye ndimawatuma kukaona ndi maso. Kwerani ku Chawe nthawi yozizira: mnyamata wogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wavala majuzi awiri a kaunjika, obooka m'zigongono. Mayi wotsika ndi nkhuni wamanga chitenje china m'chiuno, china wapinda nkhata. Chovala chimanena ntchito ya munthu ndi kulemera kwa thumba lake.

Chimanenanso chaka. Mtsikana wina anajambula mlembi wa m'boma wa mu 1974, Zomba idakali likulu, atavala thalauza. Ndinamuuza kuti lamulo la 1973 linkaletsa akazi thalauza ndi siketi zazifupi mpaka 1993. Anafufuta, n'kujambula diresi lobisa mawondo. Kenako anafunsa: "Sala, nanga iyeyu ankamva bwanji?"

Anzanga, pepala mpatseni mwana, koma muyambe mwamutuma kumsika.