Kalata kwa mphwanga amene wasankhidwa kukhala mtumiki

Mvera, Dowa

Wokondedwa mphwanga,

Amayi ako andiuza kuti mpingo wanu ku Lilongweko wakusankha kukhala mtumiki. Ndakondwera kwambiri. Koma poti ndine mwini mbumba, sindingangoomba m'manja osakutsina khutu. Anthu amene uziwatumikira amayembekezera zosiyanasiyana ku mpingo, ndipo zambiri mwa izo si zimene mpingo unakhalirapo. Ukachedwa kuzindikira, udzatha zaka ukuzungulira ndi mbale ya chopereka osadziwa chimene ukutolerera.

Ndiyambe ndi chimene chili chofala kwambiri, ngakhale palibe amene amachivomera poyera. Anthu ambiri ali mu mpingo chifukwa cha maliro awo. Uzimvetsera akamacheza: "Ndisadzaikidwe ngati galu ine." "Nanga adzandiimbire ndani?" Munthu amatha zaka osaponda pakhomo pa tchalitchi, koma khadi lake la zopereka limafika ndi mwana mwezi uliwonse. Wina akadwala mwakayakaya, abale ake amathamangira kwa mkulu wa mpingo usiku kudzalipira zotsalira zonse, ati mbiri ikhale yoyera. Tsiku la maliro likafika mkangano wake umakhala wa izi: kodi amayi a Chigwirizano avala yunifolomu kapena ayi, kodi abwera ndi abusa kapena atuma mkulu wa mpingo, kodi kwaya iimba usiku wonse? Zikalephereka, banja lonse limakwiya mpaka kusamukira mpingo wina.

Usawaseke anthu amenewa. Mantha awo ndi enieni, pakuti kwathu kuno palibe chamanyazi choposa kufa wopanda okulira, ndipo mpingo uyenera kuika akufa ake mwaulemu. Koma ife timaphunzitsa kuti ulaliki wa pamaliro ndi wa amoyo amene akhala pansi akumva. Wagona m'bokosiyo nyimbo sizimusintha kanthu. Nthawi imene mpingo unali naye ntchito ndi ija ankapuma, akudwala yekha m'nyumba, akumenyana ndi mkazi wake, akulimbana ndi kachasu. Ngati sitinamufikire pamenepo, tikafika ndi nkhata zamaluwa tachedwa. Ndipo kunena zoona, ngati ntchito yathu ndi kuika maliro basi, makampani a inshulansi ya maliro atiposa kale, chifukwa iwo amabwera ndi bokosi, galimoto ndi tenti. Manda nawo amakumba ndi adzukulu, osafunsa khadi la munthu.

Mpingo ulipo kuti anthu apembedze Mulungu pamodzi, amve uthenga wa Yesu Khristu, abatizidwe, adye Mgonero, aphunzitsane kukhala monga Iye ndi kusenzerana akatundu akadali moyo. Zina zonse, maliro, nyumba, ndalama, maudindo, zimabwera pambuyo kudzatumikira zimenezi.

Kutauni kwanuko vuto lina ndi njerwa. Mpingo uliwonse ukufuna kuposa unzake pa kutalika kwa denga ndi kunyezimira kwa matailosi. Sabata ino Pepa Sande, sabata yamawa ulendo wa ndawala, kenako mlendo wolemekezeka woti adzatsegule envulopu. Zolengeza za ndalama zimatenga ola lathunthu, ulaliki n'kuufinya m'mphindi zotsala. Sindikunena kuti muzipemphera pansi pa mtengo mvula ikugwa. Koma taona kumene tinachokera. A mishoni ya Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881, anzawo angapo atagona kale m'manda kumeneko ndi malungo. Zaka zonsezo ankadikira munthu. Kuno ku Mvera, Murray ndi Vlok anafika mu 1889 m'dziko la mfumu Chiwere, ndipo mphamvu zambiri za mishoni imeneyi zinathera pa sukulu za m'midzi ndi pa kumasulira Baibulo, mpaka Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Agogo ako anaphunzira kuwerenga kuti adziwerengere okha bukulo. Mpingo unakula motero.

Udindo wakowo uli ndi chiyambi chake, ukawerenge pa Machitidwe 6. Ku Yerusalemu kunabuka dandaulo loti amasiye a Ayuda olankhula Chigriki ankaiwalidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndiye anasankha amuna asanu ndi awiri kuti akonze zimenezo. Utumiki unayamba chifukwa cha mayi wamasiye amene sanalandire chakudya. Tsono mukakhala pansi kugawa ndalama za mpingo, iwe ndiwe woyenera kufunsa kuti za amasiye, odwala ndi ana olephera fizi ndi zingati poyerekeza ndi za mpanda. Ena adzakuda nalo funso limeneli, makamaka a komiti ya chitukuko. Uzifunsabe, mwaulemu, chaka ndi chaka. Ndalama uziwerenga muli awiri kapena atatu, ndipo usadzabwereke ngakhale ya minibasi yokha.

Za amene asandutsa mpingo msika wa zozizwitsa sinditalikitsa, uli nawo pafupi kuposa ine. Madzi a m'botolo, mafuta odzozera, kufesa mbewu kuti upeze ntchito kapena mwamuna. Wogula ndi wogulitsa onse aiwala Simoni wa ku Samariya uja, amene anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mulungu, Petro n'kumudzudzula koopsa. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa. Koma mpingo womwewu umene umapempherera odwala ndi umene unamanga chipatala ku Nkhoma. Ukadzamva kuti mkhristu wa m'dera lako wauzidwa kuti asiye kumwa ma ARV kapena mankhwala a shuga poti wapemphereredwa, upite tsiku lomwelo, usadikire msonkhano.

Palinso ena, ndipo awa ndi athu enieni, amene amaona mpingo ngati bwalo la milandu. Akamva kuti wakutiwakuti wadulidwa, nkhope zimawala. Mwambo uyenera kukhalapo, ndipo Zolamulira za mpingo wathu uzidziwe bwino. Koma ndaona kawirikawiri kuti mtsikana amene watenga mimba amadulidwa msanga chifukwa tchimo lake likuoneka, pamene mwini mimbayo akuimbabe m'kwaya. Ndaonanso munthu amene mudzi wonse ukudziwa kuti amabera alimi pa sikelo, kapena analanda munda wa ana amasiye, akukhala mpando wakutsogolo chifukwa anagula malata. Achinyamata amaziona zimenezi, ndipo akachoka timati awononga ndi mafoni. Kudula munthu cholinga chake n'chakuti abwerere. Amene waletsedwa Mgonero ndiye wofunika kumuyendera koposa onse, koma nthawi zambiri amatha miyezi osaona phazi la mkulu wa mpingo pakhomo pake.

Udzakumananso ndi onena kuti mpingo uzingolalikira za kumwamba, za dziko uzisiyire andale. Iwe unali wamng'ono mu 1992. Pa 8 Malichi chaka chimenecho, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, malipiro ochepa a antchito ndi mantha amene anatseka anthu pakamwa. Boma linakwiya, Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko muno, koma pofika Juni 1993 Amalawi anaponya voti ya riferendamu n'kusankha zipani zambiri. Sinodi za Blantyre ndi Livingstonia zinaima nawo maepiskopiwo, yathu ya Nkhoma sinali m'gulu la oyamba kulankhula, ndipo mbiri inalemba zimenezo. Mpingo uli ndi udindo wonena chilungamo pamene wofooka akuponderezedwa. Chimene ulibe ndi udindo wouza anthu chipani choti avotere. Wandale akabwera kudzapemphera, alandiridwe ngati wina aliyense, akhale pa benchi. Akapereka envulopu yonenepa n'kupatsidwa maikolofoni pa guwa, dziwa kuti tsiku limene adzalakwe, pakamwa pa abusa padzakhala polemera.

Tsono pempho langa ndi ili. Usanayambe za mabuku a ndalama, tenga mndandanda wa mlaga wako, ukhale pansi ndi mkulu wa mpingo wa dera lanulo, muone mayina a amene sanaoneke miyezi itatu yapitayi. Muwayendere khomo ndi khomo, khadi la zopereka mutalisiya kunyumba. Apongozi anga, akazi akowo, uwauze bwinobwino za udindowu, chifukwa alendo ndi maulendo a usiku adzawakhudza iwonso, ndipo ana asadzakusowe pakhomo ati bambo ali ku tchalitchi. Mukabwera pa Khirisimasi udzandiuze amene mwawapeza ndi mmene mwawapezera. Upereke moni kwa onse.

Ndine,
Atsibweni ako