Makina akulira, koma akutulutsa chiyani?

Ntchito yanga ndi yokonza makina a m'chipatala. Pa makina onse amene amadutsa m'manja mwanga, amene amandisowetsa tulo ndi concentrator, makina opereka mpweya wa okosijeni kwa odwala.

Ambiri amaganiza kuti makinawa amapanga okosijeni, chonsecho amangosefa. Mu mpweya umene tikupumawu, okosijeni ndi 21 peresenti yokha, pomwe 78 peresenti ndi nayitirojeni. Kompuresa imakoka mpweya wa m'chipindamo n'kuukankhira m'mabotolo awiri odzaza timibulu totchedwa zeolite. Timibuluti timagwira nayitirojeni, okosijeni n'kudutsa. Botolo lina likamasefa, linzake limakhala likutaya nayitirojeni imene linagwira, kenako amasinthana. Kaphokoso kofwetha kamene mumamva pafupipafupi m'wodi ya ana kamachokera pamenepo. Makina abwinobwino amatulutsa okosijeni wa pakati pa 90 ndi 95 peresenti.

Chimene chimandiwawa n'chakuti makina otha ntchito nawo amalira chimodzimodzi. Fumbi la mu Okutobala limatseka fyuluta, kompuresa n'kumatentha. Chinyezi cha dzinja chikalowa m'mabotolo muja, zeolite yatha basi, siigwiranso nayitirojeni. Komatu kampira ka pa flowmeter, kosonyeza kuyenda kwa mpweya, kamakwerabe, madzi a m'kabotolo konyowetsa mpweya amachitabe thovu, ndipo namwino wotanganidwa ndi wodi yodzaza amaona ngati zonse zili bwino. Pamenepo mwana wodwala chibayo akupuma mpweya wosasiyana kwenikweni ndi wa pabwalo. N'chifukwa chake sindikhulupirira khutu kapena maso anga. Ndimayenda ndi analyser, kachipangizo koyezera kuchuluka kwa okosijeni, ndipo makina akatsika kuchepera 82 peresenti ndimawatulutsa m'wodi, ngakhale pakhale madandaulo akuti ena palibe.

Magadiyani ena amakana kuti mwana wawo aikidwe timachubu m'mphuno. Amati woikidwa pa okosijeni sabwerera kunyumba. Ine sindiwadzudzula, chifukwa anaonapo ana akumwalira ali pa makinawa. Ambiri mwa anawo anafika mochedwa, matenda atakula kale, ndipo okosijeni si amene anawapha. Koma makina ofooka aliwonse amene timawasiya m'wodi amathandiza mphekeserayi kukula.

Okosijeni ndi mankhwala, ndipo ali ndi mlingo wake. Kachipangizo kopanira pa chala kakasonyeza kuti m'magazi watsika kuchepera 90 peresenti, adokotala kapena anamwino ndiwo amanena malita oyenera pa mphindi. Kwa mwana wobadwa masiku asanakwane, okosijeni wochuluka mopitirira angathe kumuchititsa khungu. Makina a Pumani, amene akatswiri a ku Rice University anapanga mogwirizana ndi madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amasakaniza mpweya wamba ndi okosijeni kuti khanda lilandire woyenerana nalo. Choncho gadiyani asapotokole kalikonse, ngakhale atatero chifukwa cha chifundo.

Magetsi akathima timathamangira masilinda. Silinda yaikulu imasunga malita pafupifupi 6,800, ndipo munthu wamkulu wofuna malita 15 pa mphindi amaimaliza maola asanu ndi atatu asanakwane. Masamu amenewa dziko lonse linawaphunzira mowawa mu Januwale 2021, Covid-19 itavuta. Pa silinda lamulo langa ndi limodzi: girizi kapena oilo asayandikire regulator, kachipangizo kowongolera kutuluka kwa mpweya, ndipo manja akhale osamba, chifukwa mafuta akakumana ndi okosijeni wopanikizidwa amabuka moto popanda machesi.

Inu anamwino, fyuluta ya kunja ija muzichapa sabata iliyonse, iume bwinobwino musanaibwezere, ndipo makina musawagundike kukhoma. Inu akuluakulu ogula zipangizo, mukamagula concentrator muzigulira limodzi analyser, mafyuluta ndi mabotolo a zeolite apadera. Popanda zimenezi, ife okonza sitingakutsimikizireni kuti mwana wagona apoyo akulandiradi mankhwala.